Tsiku Limene Batire la Kuphiri Linapita Kumaliro

Galimoto ya kuntchito kwathu inali itagona pamzere wa dizilo ku Balaka mpaka akangaude kuyamba kumangamo nyumba, ndiye bwana wanga anangondiyang'ana n'kunena kuti, "A Esinta, mukwera minibasi." Kunena kunali kophweka chifukwa wonyamula sanali iwo. Katundu wake anali batire, lija lalikulu la sola, lolemera ngati mwana wa sitandade faifi amene wakana kupita kusukulu.

Ndifotokoze kaye za batireli, mwina mumvetsa chimene ndinapsera mtima tsiku lonse. Ntchito yanga ndi yoyeza mvula ndi madzi a m'mitsinje. Pamwamba pa phiri la Chikala, kupitirira minda yomaliza, tinaikako makina. Pali chitini cholandira mvula, m'kati mwake muli kasupuni kamene kakadzadza kamapendekeka n'kutaya, ndipo makina amawerenga kuti kapendekeka kangati. Chakumunsi pang'ono, pamene timitsinje timakumana, pali kachipangizo kena kolenjekeka pamwamba pa madzi, koona ngati mtsinje ukukwera. Ife ku ofesi timalandira manambala. Koma kwa alimi a mpunga kwa Mposa phindu lake ndi limodzi basi. Mvula yamphamvu ikagwa kuphiri, makina amatumiza uthenga pafoni ya Abiti Sumani, mayi amene amasunga geti lolowetsera madzi musikimu ya minda yothirira, iwo n'kuthamanga kukatseka. Geti likapanda kutsekedwa, madzi oyamba aja, otsika ndi mchenga komanso zitsa zosiyidwa ndi otcha makala, amalowa m'ngalande n'kuikwirira pamodzi ndi nazale zonse. Choipa chake, kuphiri ikhoza kumakhuthuka mvula kumunsi dzuwa likuswa mtengo.

Batire lakale linali litafa. Mpunga wa m'nazale unali utamera, mitambo itayamba kusonkhana masana aliwonse, ndipo Abiti Sumani anali atandiimbira mpaka foni kutentha. Ndinawalonjeza ndi pakamwa pangapa kuti lero lomwe batire likwera phiri.

Pa depoti ya Balaka ndinafika kukadali kozizira. Kondakitala anayang'ana ine, kuyang'ana batire, n'kugamula kuti tilipo anthu awiri. Ndinamufunsa ngati batirelo lizikhala pampando n'kumaonera pawindo, iye akuti kulemera kwake kudya mafuta. Tinakangana mpaka anavomera theka, koma akung'ung'udza ngati ndamulanda mkazi. Minibasi inkaoneka yotsala pang'ono kudzadza, kumene ndinapusira ine. Ambiri okhala m'katimo anali oitanira, ndipo munthu weniweni akakwera mmodzi wa iwo ankatsika mwakachetechete n'kukaima pamthunzi. Tinazungulira tauni kufunafuna anthu, kubwereranso pa depoti, kuzunguliranso. Sitolo imodzi ya zitenje ndinaiona kambirimbiri mpaka ndinasankhiratu chitenje cha Khrisimasi.

Mayi wina amene anakhala pafupi nane, atanyamula dengu la bonya wobwerera naye kumudzi, anayamba kudandaula kuti asidi wa m'batire amubowolera chitenje. Ndinamuuza kuti ili ndi lomata, silidontha. Sanakhulupirire, anangokweza miyendo n'kuisanjika pa yanga mpaka ku Liwonde.

Tisanawoloke Shire panali rodibuloko. Wapolisi anasuzumira, kuona batire, nkhope n'kusintha. Sindimunena, mabatire oterewa amabedwadi m'masukulu ndi m'zipatala. Koma zinatanthauza kutsika, kulitsitsa, kuonetsa chiphaso cha kuntchito, kenako kufotokoza za kasupuni kopendekeka minibasi yonse ikumvetsera pamawindo. Titabwerera m'galimoto ndinali nditasanduka wailesi. Bambo wina wa chipewa choluka anandifunsa mwaulemu kuti mvula yodzalira igwa liti, chifukwa mbewu yake ili m'nyumba. Ndinayankha kuti ine ndimayeza imene yagwa kale, osati ikubwera. Anatembenuka n'kufunsa mnzake, osati ine, kuti kodi munthu angalembedwe ntchito yomuuza mlimi kuti wanyowa? Minibasi yonse inafa ndi phwete. Inenso ndinaseka, koma kumtima kukuwawa.

Ku Liwonde ndinasintha n'kukwera tigalimoto tating'ono tija timene timanyamula mudzi wathunthu. Kumbuyo kunali kutadzadza matumba a fetereza, choncho batire linakhala pamiyendo panga. Msewu wa ku Ntaja ndi wa tala, koma dalaivala ankaima paliponse pamene munthu wakweza dzanja, ngakhale amene akungopereka moni. Pofika pa Nsanama miyendo inali itachita dzanzi, dzuwa lili paliwombo, ndipo ulendo umene ndinauwerengera kuti ndi wa m'mawa unali utadya theka la tsiku. Komabe ndinkadziuza kuti nthawi ilipo. Kuchokera apo ndi msewu wafumbi wozungulira phiri, kenako kukwera wapansi, dzuwa lisanalowe ndikhala nditalumikiza mawaya.

Wa kabaza amene ndinamupeza anali Che Bakali, bambo wachikulire ndithu, wa ndevu zoyamba imvi, njinga yamoto yake yosamalika kuposa za anyamata. Anamanga batire kumbuyo ndi malegeni, kuligwedeza, kuwonjezera lina, kenako n'kundiuza kuti ndikhale pakati ndisaope. Tinanyamuka bwino. Kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo ndinapumira m'mwamba.

Sitinapite patali. Potsika kakhwawa kena ka mchenga tinapeza kalole kataima pakati pa msewu, nthambi yamasamba itazikidwa kutsogolo kwake. Amuna anali ataima mozungulira, thukuta lili kamukamu, zikuoneka kuti akankha mpaka kutopa. Kumbuyo kwa kaloleko amayi anali atakhala mozungulira thupi lokutidwa ndi nsalu, akulira motsitsa. Che Bakali anazimitsa njinga n'kutsika, monga achitira aliyense akakumana ndi maliro. Inenso ndinatsika.

Malirowo anali a bambo wokalamba amene anamwalira kuchipatala m'mawa womwewo, ndipo abale ankathamangira naye kumudzi kuti aikidwe dzuwa lisanalowe, monga mwa Chisilamu. Batire la kaloleko linali litatupa ngati mkate, lafa. Dalaivala, Che Jafali, amenenso anali mphwake wa malemuwo, ankafotokozera Che Bakali zimenezi m'Chiyao, koma maso ake sanali pa Che Bakali. Anali kumbuyo kwa njinga. Ine Chiyao ndimangomva pang'ono, kwathu kwa Nsamala tinakulira Chichewa ndi Chilomwe cha agogo, koma maso amenewo sanafune womasulira.

Amene anabwera kudzandilankhula anali a shehe, munthu wamfupi wofatsa, manja atawagwira kutsogolo. Sanandikakamize. Anandifunsa dzina ndi kumene ndikupita, ndipo ndinawafotokozera zonse, za geti, za nazale, za lonjezo langa. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Tamva, mama," anatero. "Katundu ndi wanu, ndipo ntchito yanu ndi ya anthu. Ife tikungopempha moto woti galimoto ilire. Mukakana sitikuonani oipa."

Mukanakhala inu mukanatani? Mkazi wa malemu anali atasiya kulira, akundiyang'ana pansi pa mpango. Kwathu timati maliro n'kulirana. Ndinamasula ndekha malegeni aja.

Kalole kanalira nthawi yomweyo, amuna n'kuyamba kuthokoza Mulungu. Che Jafali anachotsa waya kuti andibwezere batire, injini n'kuzima pompo. Anayesanso, chimodzimodzi. Apa m'pamene anaulula, akukanda m'mutu, kuti chotchajira batire cha galimotoyo chinafa kalekale, ndiye popanda batire lamoyo siingayende ngakhale kufika pa mtengo uwo. Koma ndisadandaule, akuti, mudzi wake ndi pafupi, kuseri kwa mango akuoneka apowo. Tikangofika amasula, ine n'kupitiriza.

Abale anga, munthu wakumudzi akakuuzani kuti ndi kuseri kwa mango, funsani kuti mango ake ati. Tinadutsa mango amenewo, tinadutsa ena, tinasiya msewu wanga n'kukhotera kumanzere, phiri la Chikala n'kuyamba kutsalira kumbuyo. Ine ndinali kumbuyo kwa kalole pamodzi ndi amayi, chifukwa sindikanalola batire lipite lokha, Che Bakali akutsatira m'fumbi. Mayi wina anaona kuti ndavala buluku, anamasula chitenje chake chapamwamba n'kundipatsa, wina n'kundifunditsa mpango kumutu. Pofika m'mudzi palibe akanadziwa kuti sindine mwana wa malemu.

Titaima, kulira kunabuka mudzi wonse. Thupi linatsitsidwa, anthu piringupiringu, amayi aja n'kundigwira mkono kulowa nane kuseri kwa nyumba kumene kunali mikeka. Ndinati ndipereke kaye ulemu pang'ono, si bwino kufika pamaliro n'kuyamba kufunsa sipanala. Nditaona kuti ulemu wakwana ndinazemba kupita pa kalole. Batire linali m'kakhola kake kachitsulo kunsi kwa bodi, ndipo pakakholapo panali loko wamkulu, wokhoma. Che Jafali, mwa chizolowezi choopa akuba, anakhoma osaganiza n'komwe, kiyi n'kuponya m'thumba la mkanjo.

Ndinafunsa kumene ali. Akuti ali m'nyumba, ndi mmodzi wa osambitsa thupi, ndipo mmenemo mkazi salowamo. Ndinafunsa za Che Bakali. Akuti apita kukathandiza kukumba, chifukwa atafufuza zapezeka kuti malemuwo ndi akuchikazi kwa msuweni wawo. Ndinatuma bambo wina kuti akanong'oneze za kiyi, anavomera bwinobwino, koma sanabwerenso. Ndinabwerera pamkeka manja lende.

Kudikira kumene kuja sindidzakuiwala. Amayi ondizungulira anali abwino mtima mochititsa manyazi. Ankauzana m'Chiyao kuti uyu ndi mlendo uja wapereka batire, wina n'kundisunthira pamthunzi, wina kundibweretsera madzi m'kapu yatsopano. Ine ndikumwa, maso ali kuphiri. Mtambo unali utayamba ngati utsi wa munthu wotentha zinyalala, kenako unakula, kuda, n'kukhala pansonga penipeni pamene pali makina athu. Ndinkaona m'maganizo kasupuni kaja kakukonzeka kupendekeka popanda woti awerenge. Ndinkafuna kukuwa, koma ukakuwa pamaliro anthu amangoti chisoni chamugwira.

Thupi linatuluka lili m'jeneza, chonyamulira maliro cha Asilamu, amuna n'kulinyamula kupita kumzikiti. Ndinamuona Che Jafali ali kutsogolo, phewa lili pansi pa mtengo wa jenezalo, akulira ngati mwana. Ndinaimirira theka, n'kukhalanso. Ungamuimitse bwanji munthu wonyamula malume ake kuti akupatse kiyi? Kuchoka kumzikiti analunjika kumanda, ndipo kumeneko amayi sapita. Mudzi unatsala wa akazi okhaokha, ndi kalole kali pakati pa bwalo, batire langa likuoneka bwinobwino pakati pa zitsulo. Ndinaganizapo zotenga mwala n'kuphwanya loko. Ndinafika potola mwalawo. Koma phokoso la chitsulo pabwalo la maliro, mkazi wamasiye ali pakhonde pompo, iyayi, dzanja linakana.

Netiweki inkapezeka pachulu kuseri kwa khola la mbuzi. Ndinakwera pamenepo ndi chitenje cha eni ake n'kuimbira Abiti Sumani. Ndinawauza kuti kuphiri kwada, atseke geti.

"Makina anena, kapena mwaona ndi maso?" anafunsa.

"Ndi maso, Abiti. Batire lili pamaliro."

Anayamba kukayika, ndipo ndinadziwa chifukwa chake. Chaka chatha anatsekapo geti kangapo chifukwa cha mitambo imene sinagwetse kanthu, anthu amene linali tsiku lawo lothirira n'kutsala pang'ono kuwamenya. Komiti inagamula kuti geti lizitsekedwa pokhapokha uthenga wa makina ukafika, Abiti n'kuuonetsa kwa onse. Lamulo limenelo ndinaliwombera m'manja ine ndemwe pamsonkhano. Tsopano sabata yonse mitambo inali ikusonkhana n'kubalalika, nazale zili ndi ludzu, ndipo kwa Mposa, akuti, dzuwa linali phwee. Anati ayesa kulankhula ndi eni tsikulo, foni n'kuduka.

Ndikadali pachulupo bingu linagunda. Phiri lonse linabisika kuseri kwa chinsalu chotuwa, mvula yeniyeni, yoti ife oyeza timaidikira chaka chonse. Kumene ndinali kunangofika mphepo yozizira ndi fumbi. Amayi anayamba kuthamangitsa mikeka, ena akunena kuti malemu anali munthu wabwino, taonani wapita ndi mvula. Ine ndinangokhala pachulu misozi ikutsika, ya mkwiyo weniweni, wopanda woti ndimukwiyire.

Amuna anabwerako dzuwa litapendeka kwambiri. Ndisanafike n'komwe kwa Che Jafali, a shehe anaimitsa anthu n'kuyamba kulankhula za ine. Anati pamsewu panadutsa galimoto zingapo osaima, koma Mulungu anatumiza mlendo, mkazi, wa mpingo wina, ndipo chifukwa cha iye m'bale wawo wagona m'nyumba yake nthawi yake. Anandichitira duwa, pemphero lawo lija, anthu onse manja m'mwamba. Kenako anandiperekeza kwa mayi wamasiye uja. Anandigwira dzanja ndi manja awiri, osalisiya, n'kunena m'Chichewa chothyokathyoka kuti mwamuna wake ankaopa chinthu chimodzi moyo wake wonse, kufera kutali n'kugona panjira. Mtima wina unkati wachita bwino, Esinta, wina ukuti mpunga wa anthu. Mpaka lero mitima iwiriyo sinagwirizane.

Che Jafali anabwera akupepesa, kiyi ali m'manja, akuti anaiwaliratu. Anamasula, n'kunyamula yekha batire kukaliika panjinga. Kenako anatsokomola n'kufunsa ngati sindingamubwereke pang'ono pokha kuti akasiye galimoto kwa mwini wake pa Nsanama, abweza mawa m'mamawa.

"Achimwene," ndinatero, "lero mwaika malume anu. Musafune kuti aikenso wina."

Che Bakali anaseka mpaka kutsamwa, ndipo aka kanali koyamba kumva munthu akuseka pamudzipo.

Tinabwerera kumsewu wathu, koma madzi anali atatitsogolera. Kakhwawa koyamba tinawoloka Che Bakali akukankha njinga, ine ndikugwirira batire. Kachiwiri kanali kosayesa n'komwe, madzi ofiira akugubuduza miyala ndi nthambi, phokoso lake ngati chigayo. Ndinaima m'mphepete n'kumayang'ana, ndikuyerekeza ndi maso kuti akwera mpaka pati, ntchito imene makina akanaigwira bwino kuposa ine. Ndinaimbira Abiti, foni inangoitana. Tinagona kwa mlongo wake wa Che Bakali pafupi pomwepo, ndipo za tulo musandifunse.

M'mawa madzi anali ataphwa, kwatsala matope oterera. Tinagwa kamodzi, ine kugwera m'chinangwa cha eni, koma batire silinakhudze pansi chifukwa malegeni a Che Bakali ndi ena. Ndinaliyeza ndi kamita kanga, moto unali utatsikako koma ulipo, woti sola akhoza kudzadzitsa. Dzuwa likuyamba kutentha tinatulukira pa sikimu.

Ngalande panalibe. Pamene inkadutsa panali msewu wa mchenga woyera, wosalala, woti ukhoza kuyendetsapo ngolo. Nazale zoyandikira geti zinali zitakwiririka, apa ndi apo nsonga zobiriwira zikusuzumira. Anthu anali atandandalika kale mumzere ndi makasu, mafosholo, mabeseni, ngakhale mbale zodyera, akukumba osalankhulana. Palibe anatiyang'ana kawiri.

Abiti Sumani ndinawapeza pa geti, matope mpaka m'mawondo, maso ofiira. Anandifotokozera mwachidule. Anapitadi kukatseka, koma bambo amene linali tsiku lake anakhala pachiwongolero cha geti n'kunena kuti amuonetse uthenga. Akukanganabe anamva mkokomo, ndipo pamenepo geti silikanatsekekanso, chitsa chinali chitalowa kale pakamwa pake. Bamboyo ndi amene anali kutsogolo kwa mzere, akukumba ngati wolipidwa. Nazale ya Abiti inali yoyamba kukwiririka, ndipo mbewu ina analibe.

Ndinayamba kufotokoza za kalole, za loko, za manda, koma mawu ankatuluka opanda mchere. Ndinasiya. Pambali panali fosholo yopanda mwini, ndinaitola n'kutsikira m'ngalandemo, ndikufuna ndikumbe mpaka manja atuluke matuza, mwina mtima ungapepuke. Abiti ananditsatira n'kugwira mpini.

"Siyani. Okumba tilipo ambiri," anatero. "Malirowo anaikidwa bwino?"

Ndinati eya.

"Basi. Mvula ija inali yoyamba, ina ikubwera masana ano. Ndipo njira ya kumakina mukuidziwa ndinu nokha."

Anamasula mpango wawo wamatope, kuupota n'kupanga nkhata, n'kundiika pamutu. Anakodola mayi wina, awiriwo anagwira batire uku ndi uku n'kunditwika. Khosi linalira. Ndinayang'ana kuphiri, kansonga kanali katayamba kale kuchita utsi, ndipo ndinauyamba wokwera.